Mpasa ndi Mapiri a ku Chitipa

Boma la Chitipa liribe nyanja. Munthu wa ku Kameme, wa ku Misuku kapena wa ku Nthalire akafuna kuona Nyanja ya Malaŵi ayenera kutsika mapiri mpaka ku Karonga, ndipo usipa umene umagulitsidwa pa msika wa pa boma umafika utauma kale, utayenda ulendo wautali pa galimoto. Nchifukwa chake omvera ambiri angadabwe pomva kuti moyo wa nsomba ina yotchuka ya m'nyanjayi uli m'manja mwa alimi a ku Chitipa, ngakhale kuti ena mwa iwo sadailaŵepo nkamodzi komwe. Nsombayo ndi mpasa.

Mpasa ndi nsomba yaitali, ya thupi loyera ngati siliva ndi mamba ang'onoang'ono. Yaikulu imalemera makilogalamu atatu kapena anai. Nyama yake ndi yonona, kotero kuti amene adadyapo mpasa yootcha pa makala saiiŵala msanga. Nsombayi siipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi koma m'Nyanja ya Malaŵi ndi m'mitsinje yothira m'nyanjayo. Anthu a kutsidya, ku Kyela m'dziko la Tanzania, amaitcha mbasa. Iri ndi mbale wake wocheperapo, sanjika, amene kutsidyako amamutcha mbelele.

Ikakula, mpasa imakhala m'madzi akuya, kumasaka usipa ndi tinsomba tina. Koma siikira mazira m'nyanja. Nthaŵi yoswana ikakwana, imasiya nyanja ndi kuloŵa m'mitsinje, nkumakwera molimbana ndi madzi mpaka itapeza malo oyenera. Zina zimayamba ulendowu mvula isanathe, mitsinje ikadali yodzaza. Zambiri zimakwera m'masika ndi m'nyengo yachisanu, madzi atayamba kuyera. Mitsinje yodziŵika ndi mpasa ndi monga Bua ku Nkhotakota, Linthipe ku Salima, Dwangwa, Luweya ku Nkhata Bay, North Rukuru ku Karonga, Songwe m'malire a Malaŵi ndi Tanzania, ndi Ruhuhu kutsidya kwa nyanja.

Khalidwe limeneli ndi limene lidachititsa Azungu kuifanizira mpasa ndi nsomba ya kwao yotchedwa salmon. M'chaka cha 1861, David Livingstone ndi John Kirk adayenda pa bwato m'mbali mwa nyanja kuloŵera kumpoto, ndipo adaona mpasa zikukwera mitsinje m'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala. Adaonanso mabiyo otchinga mitsinje, mpata uli wonse uli ndi mono wake. Livingstone adalemba kuti nsombayi idamukumbutsa salmon ya ku Scotland, ndipo adaitama chifukwa cha kukoma kwake. M'chaka cha 1864 katswiri wa nsomba wa ku London, Albert Günther, adaipatsa dzina la sayansi. Koma kunena zoona, mpasa si mbale wa salmon ai. Abale ake ndi matemba, usipa, ntchila ndi kadyakolo. Kufanana kwake ndi salmon kuli pa ulendo wokha.

Salmon imabadwira m'mitsinje yozizira ya ku Scotland, Norway ndi Canada, imakakulira m'nyanja yamchere, kenaka imabwerera kukaswana mu mtsinje womwe idabadwira, monga aja amati madzi saiŵala khwaŵa. Kumeneko nyanja yamchere imasefukira ndi kuphwera kaŵiri pa tsiku, ndipo ikasefukira imakankhira madzi m'mitsinje mtunda wautali. Msodzi woima m'mbali mwa mtsinje wotere m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene mitengo ya kumeneko ikuyoyola masamba, amadikira kusefukirako, podziŵa kuti nsomba ziloŵa pamodzi ndi madziwo. Nyanja ya Malaŵi siichita zimenezi. Imakwera kamodzi pa chaka, nkufika pachimake cha m'Epulo kapena m'Meyi, kenaka nkuyamba kutsika. Motero msodzi wa pa Songwe saŵerenga maola ngati mnzake wa ku Scotland. Iye amayang'ana miyezi ndi mtundu wa madzi.

Pa mtundu wa madzi pomwepa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza Chitipa. Akatswiri a nsomba, ndipo mmodzi mwa iwo ndi Denis Tweddle amene adalemba za kaswanidwe ka mpasa m'chaka cha 1983, adapeza kuti nsombayi siikira mazira pali ponse. Imafuna malo osaya, a madzi oyera ndi othamanga, pamene pansi pake pali timiyala toyera topanda matope. Yaikazi ikataya mazira ndipo yaimuna ikathira mbeu yake, mazirawo amagwera m'mipata ya timiyalato. M'menemo amabisika kwa adani, ndipo madzi opyola pakati pa miyala amafikitsa mpweya kwa kamwana kamene kali m'dzira. Tiana tikaswa timakhala mu mtsinje miyezi ingapo, kumadya tizilombo ta m'madzi, tisanatsikire ku nyanja.

Tsono dothi likakokoloka ku mapiri ndi kudzakhazikika pa timiyala paja, mipata yonse imatsekeka. Mazira amabanika ndi kuola. Mpasa ikhoza kupulumuka ku makoka onse a m'nyanja, ikhoza kudutsa matchera onse a pa mathiriro a mtsinje, koma ikafika pa malo ake nkupeza matope okhaokha, ulendo wonsewo wapita pachabe. Palibe amene waigwira, palibe amene waidya, komabe mbeu ya chaka chimenecho yatha.

Madzi a mitsinje ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lino amachokera ku mapiri. Songwe amayenda m'malire a Chitipa ndi boma la Ileje la ku Tanzania, kulandira madzi a mtsinje wa Kaseye ndi a timitsinje tochokera ku Misuku, asanatsikire ku chigwa cha Karonga ndi Kyela. Lufilya nayenso amatola madzi ake ku Chitipa asanakafike ku minda ya mpunga ya ku Karonga. North Rukuru amayambira pa phiri la Nyika, limene mbali yake ina iri m'boma lomweli. Dontho la mvula logwa pa munda wa khofi ku Misuku kapena pa munda wa maŵere ku Kameme limathera m'nyanja, ndipo limapita ndi chiri chonse chimene latola pa njira.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 230,000 m'boma la Chitipa. Anthu akachuluka, minda nayo imakwera mapiri. Malo otsetsereka amene makolo ankaasiya kuti akhale tchire tsopano amalimidwa chimanga ndi nyemba. Ulimi wakale wa maŵere, wodula nthambi ndi kuzitentha kuti phulusa lisanduke chonde, unkayenda bwino pamene munthu ankatha kusiya malo zaka zambiri kuti mitengo iphukenso; malo akachepa, nthaka imatsala yambee, ndipo mvula yoyamba imaikokolola. Moto wa m'tchire wa m'Okutobala umapsereza udzu umene ukadagwira dothi. Madimba olimidwa mpaka pa gombe penipeni amachotsa bango ndi mitengo yolimbitsa mtsinje. Mlimi wochita zimenezi si mdani wa nsomba ai. Akufuna kudyetsa ana ake. Koma dothi limene likupha mazira a mpasa kumunsi ndi chonde cha m'munda mwake momwe, kotero kuti woyamba kutaya chuma ndi iye mwini, msodzi nkumabwera pambuyo.

Asodzi naonso ali ndi mbali yao pa mlanduwu. Mabiyo ndi mono si zachilendo, pakuti Livingstone adazipeza, ndipo mpasa sizidathe m'masiku amenewo. Koma lero pali zida zimene makolo adalibe. Matchera a nailoni amatchingidwa pa mathiriro a mtsinje kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo, usana ndi usiku. Ena amakokera maukonde otetezera udzudzu m'maiŵe, nkukokolola tiana timene tikadali ngati chala. Ena amathira katupe, ndipo enanso amafika pothira mankhwala ophera tizilombo ta m'munda, amene amapha chamoyo chiri chonse m'dziŵemo, nkuika pa ngozi anthu ndi ziŵeto zomwa madziwo kumunsi. Lamulo la za nsomba la m'chaka cha 1997 lidaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena zophulika. Koma lamulo silingayang'anire dziŵe liri lonse usiku. Amene amadziŵa kuti dzulo kudathiridwa katupe ndi nyakwaŵa wa m'mudzimo ndi amai amene adapeza nsomba zitayandama m'mamaŵa pokatunga madzi.

Wina angayese kuti nsomba yochuluka chonchi siingathe. Munthu wotere afunse achikulire za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanjayi, pambuyo pa chambo. Nayonso inkakwera mitsinje kukaswana, ndipo inkagwidwa yodzaza mazira. M'zaka za m'ma 1960 idayamba kusoŵa, ndipo lero achinyamata ambiri a m'mbali mwa nyanja amangoimva dzina. Bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene ziri pa ngozi yotha pa dziko lonse, lidaika mpasa pa mndandandawo m'chaka cha 2006. Ku Ulaya nako zotere zidachitika. Mtsinje wa Thames, wodutsa mu mzinda wa London, unali ndi salmon zambiri, koma zonyansa za m'mafakitale ndi zotchinga za pa mtsinje zidazithetsa m'zaka za m'ma 1830. Padapita zaka pafupifupi 140 kuti salmon ina ionekenso m'menemo, m'chaka cha 1974, boma litaononga chuma chambiri poyeretsa madziwo. Salmon idabwerera chifukwa idatsala m'mitsinje ina. Mpasa ikatha m'Nyanja ya Malaŵi palibe kwina kokaitenga.

Umboni wakuti mtsinje wotetezedwa umasunga nsomba ulipo m'dziko mommuno. Mtsinje wa Bua ndi wotchuka ndi mpasa chifukwa chigawo chake chakumunsi chimadutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, imene kuyambira m'chaka cha 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi Boma. M'nkhalangomo mitengo ikadali chiimire m'mbali mwa mtsinje, ndipo munthu sangatchinge madzi mmene wafunira. Komabe ngakhale Bua amadandaula ndi dothi lochokera ku minda ya ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa, kutsimikiza kuti mtsinje sutetezedwa kumunsi kokha. Ku Salima, pa chilumba cha Mbenji, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi la kwao ndipo phindu lake amaliona pa tsiku lotsekulira.

Chitipa iri ndi poyambira. Nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa ku Misuku, pamodzi ndi za ku mapiri a Mafinga, ndi zimene zimasunga akasupe kuti asaphwe m'chilimwe. Alimi a khofi a ku Misuku adazoloŵera kale kulima pa malo otsetsereka mosamala ndi kubzala mitengo ya mthunzi m'minda. Akalozera, mizere yopingasa phiri, udzu wa vetiva ndi nthochi zobzalidwa m'makwaŵa, zonsezi alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti zokolola zichuluke, koma ntchito yomweyo imayeretsanso madzi opita ku Songwe. Mfumu ikalamula kuti khasu lisafike pa gombe la mtsinje, ndipo kuti wothira katupe alipire mlandu pa bwalo, yateteza madimba a anthu ake ku madzi osefukira, yatetezanso nsomba imene iri kutali ndi mudzi wake.

Pali nkhani inanso yofunika kuiyang'ana ndi maso aŵiri. Songwe ndi mtsinje wosakhazikika: ukasefukira ku chigwa umasintha njira, kotero kuti munda umene unali ku Malaŵi umapezeka uli ku Tanzania. Pofuna kuthetsa vutoli, ndiponso kupeza magetsi ndi madzi a ulimi wothirira, maiko aŵiriŵa adasaina pangano m'chaka cha 2017 lokhazikitsa bungwe loyang'anira mtsinjewu, ndipo mapulani ake adaphatikizapo damu lopanga magetsi okwana mamegawati 180. Magetsi ndi ofunika, ndipo anthu a ku Chitipa ndi Karonga adaayembekeza nthaŵi yaitali. Koma damu limasintha kayendedwe ka madzi ndi ka miyala ya pansi pa mtsinje, ndipo ku Ulaya ndi ku America madamu ndiwo adatsekera salmon njira m'mitsinje yambiri. Nkoyenera kuti pa misonkhano yokambirana za ntchitoyi, mafumu ndi asodzi a mbali zonse ziŵiri afunse momveka kuti madzi otsala mu mtsinje m'miyezi yoswana mpasa adzakhala ochuluka bwanji, ndiponso kuti malo a timiyala adzasamalidwa motani. Funso lotere limathandiza likafunsidwa khoma lisanamangidwe, pakuti madzi akatayika saoleka.

Msodzi wa ku Kaporo ndi mlimi wa ku Misuku mwina sadzakumana konse, ndipo wina amayankhula Chinkhonde pamene mnzake amayankhula Chisukwa kapena Chindali. Komabe amamwa mtsinje umodzi. Mvula ikadzatha chaka chino ndipo mpasa zikadzasonkhana pa mathiriro a Songwe ndi North Rukuru, wa kumunsi azisiyire mpata wodutsa, ndipo wa kumtunda asunge dothi lake m'munda, kuti zikafika pa malo ake zikapeze miyala yoyera.