Fulbright: nkhani ya pasipoti, kalata yochokera ku Zomba ndi mwezi wa Okutobala

Kaya muli m'sitima ya Red Line kulowera ku Silver Spring, kaya mwaima pa mzere wa magalimoto pa Beltway, khalani nafe. Lero tikambe za Fulbright, chifukwa Loweruka lapitali pa phwando lina ku Maryland achinyamata atatu anandifunsa funso limodzimodzi: kodi n'zotheka kukakhala ku Malawi miyezi ingapo, ndalama n'kulipira wina?

N'zotheka. Pulogalamuyi inayamba mu 1946, ndipo dzina inatengera kwa J. William Fulbright, senata wa ku Arkansas. Ndalama zimadzera ku State Department, koma mafomu amayendetsa ndi bungwe la IIE. Kwa inu amene mukumaliza digiri yoyamba, kapena munamaliza kale, njira zikuluzikulu ndi ziwiri: kukachita kafukufuku kapena maphunziro, ndi kukathandiza aphunzitsi a Chingelezi, yomwe amaitcha ETA.

Tiyambe ndi yowawa. Pamafunika kukhala nzika ya America. Green card sikwanira, olo mwakhala kuno kuyambira muli ku pulayimale. Ndikudziwa ena pompano mtima wagwa, pepani, koma bola kumva lero kusiyana ndi kudzamva mutalemba kale zonse. Amene muli ku Malawi ndipo mukufuna kubwera kuno, yanu ndi pulogalamu ina, imadzera ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe.

Ndiye pali nkhani ya mapasipoti awiri. Kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo ku Malawi inavomereza unzika wa mayiko awiri, ndipo ambiri tinakondwa. Koma ku Fulbright dziko lililonse lili ndi tsamba lake, ndipo mayiko ena salandira munthu amene alinso nzika ya dzikolo. Amakondanso munthu amene sanakhaleko nthawi yaitali kumene akufuna kupitako. Choncho musanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe, werengani tsamba la Malawi mpaka kumapeto, muonenso ngati chaka chimenecho kuli ETA kapena kafukufuku yekha. Zikakanika, Zambia ndi Mozambique zili pafupi, ndipo Chichewa chanucho ku Chipata kapena ku Tete chigwira ntchito. Kumbukirani kuti pachaka mumasankha dziko limodzi ndi njira imodzi basi.

Amene mukufuna kafukufuku, mverani apa. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kalata yochokera ku sukulu kapena bungwe limene likakulandireni kumeneko. Mwachitsanzo University of Malawi ku Zomba, komwe kuli Centre for Social Research ndi Centre for Language Studies, kapena LUANAR ku Bunda ngati nkhani yanu ndi ya ulimi, kapena KUHeS ngati ndi ya zaumoyo. Mphunzitsi wa kumeneko ali ndi ophunzira mazanamazana, ndiye imelo yanu ikhoza kukhala milungu osayankhidwa. Si mwano ayi. Lembani mu Meyi kapena Juni, mwaulemu, munene mwachidule chimene mukufuna kufufuza ndi chimene iwo apindulepo. Pakapita sabata ziwiri akumbutseni. Ngati muli ndi azakhali ku Zomba, apa ndiye pofunika azakhali. Ndipo ngati mudzafunsa anthu mafunso, ikani m'dongosolo lanu nthawi yopezera chilolezo ku makomiti a kafukufuku a ku Malawi. Owerenga fomu akaona kuti mukuzidziwa zimenezi, amakukhulupirirani.

Chinthu china, ndipo awa ndi maganizo anga. Musadzaze tsamba lonse ndi nkhani yoti mukufuna kukaona kwa agogo ndi kudziwa kumene munachokera. Tonse timalakalaka zimenezo, koma iwo akufuna kudziwa kuti Lolemba m'mawa mudzakhala kuti, mukuchita chiyani, ndi ndani. Ngati ndi zakale, nenani kuti mudzawerenga mafayilo ati ku National Archives ku Zomba, ndipo yambirani konkuno ku Library of Congress, kuli chipinda chowerengera za Africa ndi Middle East. Ngati ndi ETA, fotokozani kalasi imene munaphunzitsapo, ngakhale ya ana a kutchalitchi. Chichewa chanu chitchuleni, ngakhale chili chosakaniza ngati changachi.

Za nthawi. Tsiku lomaliza la dziko lonse limakhala mu Okutobala, koma ngati muli ku Howard, Georgetown, George Mason kapena College Park, sukulu yanu ili ndi mlangizi wa Fulbright ndi tsiku lakelake, nthawi zambiri Ogasiti kapena Seputembala. Pamafunika makalata atatu okuchitirani umboni, ndiye apempheni aphunzitsi asanapite kutchuthi. Cha mu Januwale mumamva ngati mwadutsa gawo loyamba, yankho lenileni limabwera kuyambira Malichi kupita kutsogolo.

Ndisakubisireni, 2025 inali yovuta. Kumayambiriro kwa chaka ndalama zinaimitsidwa kwakanthawi anthu ali kale kunja, ndipo mu Juni pafupifupi mamembala onse a bodi ya Fulbright anatula pansi maudindo, ati boma likulowerera posankha anthu. Ndiye lembani ndithu, koma ntchito muli nayoyo musaisiye mpaka kalata ili m'manja ndipo tsiku lonyamuka ladziwika.

Mafunso tumizani monga mwa nthawi zonse.