MPHUNZITSI WA CINGELEZI: KUMENE ACOKERA NDI ZIMENE AKONDA



Mwana wa ku Petauke kapena ku Nyimba asenza zinenero zitatu. Pa mudzi alankhula Cinsenga, m'buku la sukulu awerenga Cinyanja, ndipo pa mayeso akulu aweruzidwa m'Cingelezi. Akalephera Cingelezi, khomo la Yunivesite litsekeka, cinkana akhoze masamu. Cifukwa cace kuyenera kufunsa kuti munthu amene alandira mwanayo ku sekondale acokera kuti, ndipo mtima wace ukonda ciani.

Sukulu zoyamba za dera lino zinali za Misyoni. A Dutch Reformed anakhazika Nyanje m'caka ca 1905, pambuyo pace Hofmeyr ndi Merwe, ndipo Ansembe Oyera anamanga Minga. Kumeneko ana anayamba kuwerenga m'Cinyanja, Cingelezi nicibwera m'makalasi a pamwamba. Wofuna sekondale anayenda ulendo wautali, ena kufikira ku Munali ku Lusaka. Tsono pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, eni dziko otsiriza Yunivesite anali ngati 100 okha. Nduna yoyamba ya Maphunziro, Bambo John Mwanakatwe, amene kale anaphunzitsa ku Munali, anafulumiza kumanga masekondale m'maboma. Koma aphunzitsi anasowa, ndimo ambiri anaitanidwa kucokera ku Mangalande, ku India ndi maiko ena.

Alendowo anadziwa Cingelezi bwino, koma kawiri-kawiri sanadziwe mwana. Buku linanena za cipale cogwa m'nyengo yozizira, pamene mwana wa m'cigwa ca Luangwa adziwa kutentha kwa Okutobala. Yunivesite ya Zambia itatsegulidwa m'caka ca 1966, ndi sukulu ya aphunzitsi a sekondale ya Nkrumah ku Kabwe m'caka ca 1967, ana a dziko lino anayamba kulowa m'malo mwao pang'ono-pang'ono. Ambiri a iwo anali ana a alimi, a aphunzitsi a m'midzi ndi a akulu a mpingo, amene Cingelezi anacipeza ndi thukuta. Mphunzitsi wotere akumbukira pamene lilime lace linapunthwa posiyanitsa "l" ndi "r", ndipo saseka mwana wopunthwa pomwepo.

Koma kubadwira kuno sikukwanira pa kokha. Cimene cisiyanitsa mphunzitsi ndi mnzace ndico cimene acita belo lomaliza litalira. Wokonda nthano amva za Kalulu kwa agogo, nauza ana kuti azilembe m'Cingelezi. Pamenepo apeza kuti mwana wosowa mau pa nkhani ya ku London adzaza pepala lonse pa nkhani ya kwao. Wokonda masewero asandutsa mlandu wa pa bwalo la Mfumu kukhala sewero, ndipo wamanyazi atsegula pakamwa. Wokonda munda alembetsa kalata yofunsa mtengo wa nshawa, kapena mbiri ya amai ogulitsa nthoci pa mseu waukulu ku Nyimba.

Za kwathu kuno sizicepa kuti zilembedwe. M'caka ca 1961 John Blacking anafika ku Petauke kudzaphunzira nyimbo za kalimba za Ansenga, nazilemba kuti a maiko akutali aziwerenge. M'caka ca 1971 Dominic Mulaisho, wobadwira ku Feira, anaturutsa buku lace la m'Cingelezi, The Tongue of the Dumb, lonena za moyo wa pa mudzi. Ngati mlendo anaona cuma m'kalimba, mphunzitsi wa pano angacinyoze bwanji?

Nanga mphunzitsi wa sukulu ya ku mudzi alowapo bwanji? Iye ndiye aumba mphika umene wa ku sekondale angouoca. Mwana wozolowera kusimba nthano mwa dongosolo m'cinenero ca amace sadzabvutika kuika maganizo m'ndime za Cingelezi. Koma womenyedwa cifukwa colankhula Cinsenga aphunzira kukhala cete m'zinenero zonse zitatu. Ndiponso aphunzitsi a Cingelezi a mawa akhala lero pa mabenci a m'midzi ya Kalindawalo, ya Ndake ndi ya Nyanje. Cimene aona mphunzitsi wao akonda, adzacikonda naonso.

Motero mphunzitsi ali yense asunge buku limodzi losakhala la mayeso, naliwerenge poyera ana akuona. Asunge kabuku kolembamo miyambi ndi nthano za mudzi umene akhalamo. Ndipo pa chuti aceze ndi mnzace wa ku sekondale amene alandira ana ace. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba.