Mtambo wa Bingu ndi Lamba wa M'ndege

Ena munena kuti nkhani ya ndege si yathu, ife ndi a njinga ndi chapa. N'zoona. Koma ana athu akukwera pa Chileka kupita ku Joni, ena pa Quelimane kupita ku Maputo, ndipo pochoka amadzatsanzika kwa ife. Tiwauza chiyani?

Mtambo womwe ndikunenawu mumaudziwa. Ukafika Novembala, dzuwa likaswa mtengo m'mawa, masana mumaona mtambo ukukula pamwamba pa Tumbine ndi Mulanje, pansi pakuda bii, kumutu kuli mbee. Nthaka ikatentha, mpweya wachinyezi umathamangira kumwamba, pomwe wina wozizira umatsika ndi mvula ndi matalala. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, koma mtambo wotere umatha kupitirira makilomita 12, kanayi kutalika kwa phirilo. Ndege zikuluzikulu zimauluka cha komweko. Ikalowa pakati pa mphepo yokwera ndi yotsika, imanyamulidwa n'kugwetsedwa mwadzidzidzi.

Pa 21 Meyi 2024, ndege ya Singapore Airlines inali pa ulendo wochokera ku London kupita ku Singapore ndi anthu 229. Ili pamwamba pa dziko la Myanmar, nthawi ya chakudya cham'mawa, inakumana ndi mphepo yotereyi. Ofufuza anapeza kuti inatsika mamita 54 m'masekondi osakwana asanu. Amene sanamange malamba anatumphukira kudenga, ena kumenyetsa mitu, kenaka n'kugwera pansi. Bambo wina wa ku Britain wa zaka 73 anamwalira, ambiri anavulala mitu ndi misana, ndipo ndegeyo inakatera ku Bangkok. Tamvetsani apa: ndege siinathyoke, inatera bwinobwino. Chinavulaza anthu n'kuponyedwa m'kati momwemo.

Ine amene amandimvetsa chisoni ndi ogwira ntchito m'ndege. Wokwera wakhala pampando, lamba ali pafupi. Iwo aima, akukankha kangolo kolemera ka zakudya ndi tiyi wotentha, alibe pogwira. Ndiye mukaona asiya kugawa chakudya n'kukakhala pansi, si ulesi ayi, alamulidwa ndi woyendetsa.

Oyendetsa ndege ali ndi makina a radar oonera mvula ili kutsogolo, ndipo mtambo wabingu amaulambalala patali. Vuto n'lakuti makinawo amaona madontho a madzi, mphepo yokha saiona. Kunja kutha kuoneka kuli phee, ndege n'kugwedezeka mosachenjeza. N'chifukwa chake lamba samangidwa ponyamuka ndi potera pokha. Ukakhala pansi, manga, ngakhale kanyali kochenjeza kazima. Ukafuna kugona, umange pamwamba pa bulangete. Mwana wakhanda mumufunsire lamba wake, chifukwa manja a mayi sangamugwire ndege ikatsika chomwecho.

Chinanso, ndege ikachedwa chifukwa cha nyengo, tisamakalipire anthu pabwalo. Tonse kuno tinamva za pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali a Malawi inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa kunja sikunkaoneka, n'kukagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu anafera pomwepo. Umenewo sunali mtambo wabingu, inali mitambo yotsika ndi nkhungu ya nyengo yozizira, yonga imene chiperoni amatibweretsera kuno.

A mpando, ndaima pamenepa. Amene ali ndi mafunso afunse.