Amayi Apite Kukayezetsa Matenda Asanakule



Pali mdani amene akutha amayi m'dziko muno mwakachetechete, ndiye khansa ya khomo la chiberekero. Malawi ali m'gulu la mayiko amene nthendayi yafala koposa pa dziko lonse lapansi. Akatswiri a bungwe loona za umoyo la WHO anawerengera kuti m'chaka cha 2020 amayi oposa 4,000 anapezeka nayo m'dziko muno, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Ambiri mwa iwo anali amayi amphamvu zawo, olima minda ndi kulera ana.

Nthendayi siyochokera kwa mfiti ayi. Imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Kachiromboka kamasintha khomo la chiberekero pang'onopang'ono kwa zaka 15 kapena 20, mayi osamva kupweteka kulikonse. Kwa mayi amene ali ndi HIV zimafulumira, ndipo chiopsezo chake n'chachikulu kasanu ndi kamodzi. Pamene wayamba kutaya magazi mosayembekezereka kapena kutuluka chikazi chonunkha, kawirikawiri nthenda imakhala itakhwima kale. Nchifukwa chake mayi ayenera kuyezetsa akadali bwinobwino.

Kuyezako sikuvuta. Namwino amapaka vinigala pa khomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kuwonongeka amayera pakangopita mphindi imodzi. Malowo akakhala aang'ono amawotchedwa ndi kachipangizo, nthawi zambiri tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo. M'zipatala za Boma ntchitoyi ndi yaulere, ndipo makamaka ikuyitana amayi a zaka 25 mpaka 49.

Nanga chikuwaletsa amayi n'chiyani? Ena akuchita manyazi, ena alibe ndalama ya ulendo, ndipo ena anamva bodza lakuti achipatala amachotsa chiberekero poyeza. Bodza limeneli lithetsedwe pa msonkhano uliwonse, pakuti mayi woyezedwa amabereka monga kale.

Tsono aliyense agwire mbali yake. Apampando ndi mafumu apatse alangizi a zaumoyo mpata wolankhula pa misonkhano yawo. Akuluakulu a m'maofesi alole amayi ogwira ntchito kupita kuchipatala popanda kuwawerengera tsikulo. Amayi otsogolera anzawo ayambe ndiwo kuyezetsa, chifukwa anthu amatsata mapazi koposa mawu. Abambo nawonso aperekeze akazi awo, ndipo mayi akalandira chithandizo apirire osakhala naye malo amodzi kwa masabata amene achipatala anena, kuti chilonda chipole. Makolo asakanize ana awo aakazi katemera wa HPV, amene Boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.

Mu 2020 mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 amayi 70 mwa 100 aliwonse akhale atayezedwa. Chiwerengero chimenechi chidzakwanira pokhapokha mudzi uliwonse utatumiza amayi ake. Akuluakulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Mtsogoleri aliyense pobwerera kwawo afunse tsiku limene chipatala chapafupi chimayeza, ndipo alengeze tsikulo kwa anthu ake sabata ino.