Kagawidwe ka Mirandu m'Mabwalo a ku New York



Munthu wa dandaulo ayenera kudziwa poyamba khomo loti agogodepo, pakuti bwalo liri lonse liri ndi malire a mphamvu zace. Citsanzo ca lero ndi New York, cimodzi mwa zigawo 50 za United States. Mirandu yonenedwa pano ndi ya pakati pa munthu ndi mnzace, monga ngongole, malo ndi ukwati, osati ya umbanda.

Kugawa koyamba kumatsata kucuruka kwa ndarama zolimbiranazo. Mabwalo a m'matauni ndi m'midzi amaweruza mirandu yosapitirira madola 3,000, ndipo oweruza ace ambiri sanaphunzire za malamulo ku koleji. County Court imafika pa madola 25,000. Civil Court ya mu mzinda wa New York inkalekezera pomwepo, koma anthu anabvomereza pa cisankho ca 2021 kuti malirewo akwere kufika pa 50,000. Bwalo lopanda malire a ndarama ndi Supreme Court. Dzinali limasokeretsa alendo: ili ndi bwalo loyambirapo mrandu, pamene lalikuru koposa onse ndi Court of Appeals, ku Albany.

Kugawa kwaciwiri kumatsata mtundu wa mrandu. Cuma ca masiye cimapita ku Surrogate's Court. Za kulera ana ndi cithandizo cao zimamveka ku Family Court, koma bwaloli silingathetse ukwati. Mphamvu imeneyo iri ndi Supreme Court yokha. Wofuna cipukuta misozi kwa Boma la cigawoco amapita ku Court of Claims.

Kusokera pa zimenezi kumawawa. Wovulazidwa cifukwa ca kusasamala kwa nchito ya Boma la cigawo ali ndi masiku 90 okha oti apereke dandaulo lace, kapena cidziwitso cakuti adzadandaula. Akataya masikuwo pa khomo lolakwika, ayenera kupempha cilolezo ca woweruza, ndipo woweruzayo akhoza kukana ngakhale bala liri poonekera.

Cifukwa cace munthu wanzeru, asanalipire ndarama ya samani, amafunsa mafunso atatu: ndarama zace ndi zingati, mrandu ndi wa mtundu wanji, ndipo woimbidwa mranduyo ndani. Akuru anati safunsa anadya phula.