Mau a Mlembi pa Nkhani ya Ng'ala



Sosaite yathu inayambika kuti mbale akatisiya kuno ku migodi ya Joni asaikidwe ngati mlendo. Nchito imeneyo tiigwira bwino, ndipo mabuku acitira umboni. Koma lero tifuna kunena za amoyo. Ambiri a ife talandirapo uthenga wocokera kumudzi wakuti, "Agogo maso acita mdima, angokhala pakhonde." Kawiri-kawiri mdima umenewo ndi ng'ala, ndipo ng'ala imacizika.

Ena amayesa kuti ng'ala ndi kakhungu komera pamwamba pa diso, koma si tero ai. M'kati mwa diso, kuseri kwa kamwana ka diso, muli kagalasi kacibadwa koyera ngati madzi a pa kasupe. Munthu akamakalamba kagalasi kaja kamacita nkhungu pang'ono-pang'ono, kufikira kuwala kulephera kupyola. Matenda a shuga ndi kusuta fodya zimafulumiza bvutoli. Ife a pa mgodi tidziwenso kuti kamwala kapena kacitsulo kakalasa diso, ng'ala itha kubwera ngakhale kwa mnyamata. Cifukwa cace tisabvule magalasi ocinjiriza pa nchito. Bungwe la WHO linena kuti palibe nthenda ina yocititsa khungu anthu ambiri pa dziko lapansi koposa iyi.

Popeza ng'ala iri m'kati, palibe tsamba kapena muzu wodontheza m'maso umene ungaicotse, ndipo zina za izo zimaononga diso lomwe dotolo akadalipulumutsa. Njira yace ndi opareshoni. Dotolo amacititsa diso dzanzi, munthu ali maso, naboola pang'ono pambali, nacotsa kagalasi kankhungu, naikapo kena kapulasitiki. Nthawi zambiri nchito yonse sipitirira theka la ora. M'mawa mwace amamasula nsaru, ndipo ambiri amayamba kuona tsiku lomwelo. Pambuyo pace adontheze mankhwala a ku cipatala masabata angapo, apewe pfumbi ndi utsi, abwerenso pa tsiku limene auzidwa.

Kagalasi kapulasitiki kameneka kali ndi mbiri. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, dotolo wa ku England, Harold Ridley, anaona kuti tizidutswa ta pulasitiki totsalira m'maso mwa oyendetsa ndege obvulala sitinatupitse maso ao. Tsono pa 29 November 1949 anacita opareshoni yoyamba ya mtundu umenewu pa cipatala ca St Thomas' ku London. Kwa zaka zambiri timagalasito tinali todula, koma mu 1992 fakitale ya Aurolab ku Madurai, m'dziko la India, inayamba kutipanga motsika mtengo, nafika nato ngakhale osauka.

Kwathu ku Malawi nchito imeneyi icitika pa Queen Elizabeth ku Blantyre, pa Kamuzu Central ku Lilongwe, pa zipatala zazikuru za Zomba ndi Mzuzu, ndiponso pa cipatala ca mishoni ca Nkhoma, cimene cachuka ndi za maso. Nanga colepheretsa makolo athu nciani? Mantha, kusadziwa, ndi kusowa ndarama ya basi ya anthu awiri, pakuti wosaona sayenda yekha. Pakali pano mdzukulu amene awagwirira ndodo wajomba ku sukulu, ndipo munda wagonera.

Ticenjezenso kuti si khungu lonse liri ng'ala. Iripo nthenda ina, glaucoma, imene imapha mtsempha wa diso mwakacetecete, ndipo cimene yaononga sicibwerera. Motero maso akayamba kucita cimbuuzi, apite akapimidwe msanga, osadikira kuti agwire khoma.

Pempho lathu nali. Membala ali yense aonjezepo R10 pa zopereka za mwezi, ndipo ndaramazo zisungidwe padera, zosakhudzana ndi thumba la maliro. Nchito yace ikhale imodzi: ulendo wa kholo la membala ndi woperekeza wace kupita ku cipatala ca maso ndi kubwerako. Wopempha aonetse kalata wa ku cipatala kwa Msungicuma, monga ticitira ndi zina zonse.

Bokosi labwino tidzawagulira ndithu tsiku lace likadzafika, koma sadzaliona. Nkhope za adzukulu ao angathe kuziona caka comwe cino. A Pampando, tipempha kuti nkhaniyi iikidwe pamaso pa msonkhano, abale akweze manja.