Niels Bohr ndi Makwerero a m'Kati mwa Atomu

Dzuŵa likaloŵa pa Boma la Mchinji, mbaula zimayaka khomo ndi khomo. Mai akamathira mchere m'ndiwo, nthaŵi zina timibulu tingapo timagwera pamoto, ndipo pomwepo malaŵi amasanduka achikasu. Mchere ukagwera pamoto ku Chipata, kuseri kwa malire, kapena ku Nsanje, mtundu wa malaŵi umakhala womwewo. Akatswiri a sayansi anaziona zimenezi kalekale, koma chifukwa chake chinali chobisika kufikira pamene mnyamata wina wa ku Denmark, dzina lake Niels Bohr, analambula njira.

Bohr anabadwira mumzinda wa Copenhagen pa 7 Okutobala 1885. Atate ake anali mphunzitsi pa yunivesite ya mumzindamo. Paunyamata wake ankakonda mpira ndipo ankaseŵera pagolo, koma mtima wake unali pa sayansi. Atatsiriza maphunziro ake mu 1911 anapita ku England, ndipo chaka chotsatira anakagwira ntchito ndi Ernest Rutherford ku Manchester.

Chinthu chilichonse, kaya ndi mchere, madzi, khasu kapena thupi la munthu, chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. N'tochepa kwambiri, kotero kuti pafupifupi 10 miliyoni titandanda pamzere tingangokwana milimita imodzi. Rutherford anali atapeza mu 1911 kuti pakati pa atomu pali phata lolemera, ndipo tinthu topepuka totchedwa maelekitironi timazungulira phatalo. Koma panali vuto lalikulu. Malinga ndi malamulo a sayansi odziŵika masiku amenewo, elekitironi yozungulira iyenera kumataya mphamvu mpaka kugwera paphata m'kuphethira kwa diso. Zikanakhala choncho, phiri la Mchinji silikanaima, ndipo munthu sakanakhalapo.

Mu 1913, ali ndi zaka 27, Bohr anapereka yankho. Munthu wokwera makwerero kukathira chimanga m'nkhokwe amaponda pamtanda woyamba, wachiŵiri kapena wachitatu. Pakati pa mitanda palibe popondapo. Bohr anati elekitironi nayo ili ndi makwerero ake a mphamvu. Ikakhala pamtanda wake sitaya mphamvu, ndipo pansi pa mtanda woyamba palibenso kotsikira; n'chifukwa chake atomu siphwasuka. Ikalandira mphamvu, monga ya kutentha kwa moto, imalumphira pamtanda wapamwamba. Pobwerera pansi imatulutsa mphamvu ija ngati kuŵala, ndipo kutalikirana kwa mitanda iŵiriyo ndiko kumasankha mtundu wa kuŵalako. Atomu ya mtundu uliwonse ili ndi makwerero akeake. A sodium, amene ali mumchere, amatulutsa chikasu.

Ganizoli linayesedwa pa hydrogen, atomu yopepuka koposa zonse. Kuŵala kwa mpweya umenewu kukapyola m'galasi logaŵa mitundu, kumaonetsa mizere inai. Mphunzitsi wa ku Switzerland, Johann Balmer, anali atapeza masamu a mizereyo mu 1885 popanda kudziŵa gwero lake. Kuŵerengera kwa Bohr kunagwa ndendende pamizere yomweyo. Mu 1921 anatsegula sukulu yake yofufuzira ku Copenhagen, ndipo mu 1922 analandira mphotho ya Nobel. Pambuyo pake Werner Heisenberg ndi Erwin Schrödinger anaonetsa kuti maelekitironi sayenda m'njira zozungulira monga Bohr anaganizira poyamba, koma makwerero a mphamvu sanagwedezeke. Pa nzeru imeneyi mpamene padzera tochi za masiku ano ndi masola amene ali pamadenga m'midzi.

Komabe moto wophikira ndi womwewo wotentha nyumba. Mu 1939 Bohr anazindikira kuti mwa mitundu ya uranium, mwala wonga umene unayamba kukumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga mu 2009, wotchedwa 235 ndiwo usweka msanga ndi kutulutsa mphamvu yoopsa. Mu 1940 asilikali a Hitler analanda Denmark. Popeza mai ake a Bohr anali Myuda, moyo wake unali pachiswe, ndipo mu Sepitembala 1943 anathaŵira ku Sweden paboti usiku. Kuchokera uko anapita ku Britain, kenaka ku Los Alamos ku America, kumene bomba la atomu linali kupangidwa.

Mtima wake sunakhazikike. Anaoneratu kuti chinsinsi chotere sichingabisike nthaŵi yaitali, ndipo kuti kubisirana kudzabala mpikisano wa zida. Mu 1944 anakaonana ndi Winston Churchill ndiponso Franklin Roosevelt, kuŵapempha kuti maiko, kuphatikizapo Soviet Union, akambirane bombalo lisanaponyedwe. Churchill sanafune kumva. Mu Ogasiti 1945 mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki inapsa, ndipo mu 1949 Soviet Union inaphulitsa bomba lakelake, monga momwe iye anaopera. Mu 1950 Bohr analembera bungwe la United Nations kalata yosabisa, kudandaulira maiko kuti aleke kubisirana nzeru za sayansi.

Anamwalira ku Copenhagen pa 18 Novembala 1962, pempho lakelo lisanamveke. Mwana wake, Aage Bohr, analandiranso mphotho ya Nobel mu 1975 chifukwa chofufuza phata la atomu. Tsono mwana wa sukulu wa pa Mchinji amene afuna kuyesa nzeru za munthu ameneyu safunikira zipangizo zodula. Angotsina mchere pang'ono, awaze pamalaŵi a mbaula, ndipo aona maelekitironi akutsika makwerero ao.